Kodi pamene munthu waima pamasintha zimene akudziwa? Mafunso ndi mayankho kwa oyamba kuphunzira filosofi

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene angoyamba kuwerenga filosofi, makamaka gawo lake lofufuza za kudziwa. Ambiri mwa ofunsawo ndi ophunzira a chaka choyamba kuno ku Zomba, koma ena ndi aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'maofesi amene anamva anthu akutsutsana n'kufuna kumvetsa pamene pagona mkanganowo. Mayankho ndawalemba m'Chichewa mwadala, chifukwa ndaona kuti funso limene munthu akulephera kulifunsa m'chilankhulo chake amakhala asanalimvetse bwino.

Kodi filosofi ya kudziwa imafufuza chiyani kwenikweni?

M'mabuku gawoli limatchedwa epistemology, kuchokera ku mawu a Chigiriki oti episteme, kutanthauza kudziwa. Funso lake lalikulu limaoneka lachibwana mpaka munthu atayesa kuliyankha: ndi liti pamene munthu ayenera kunena kuti "ndikudziwa" m'malo monena kuti "ndikuganiza", "ndikukhulupirira" kapena "akuti"? Aliyense amene anakhalapo pabwalo la mfumu pozenga mlandu wa malire a munda anaionapo ntchito imeneyi ikuchitika. Mboni ikamaliza kulankhula, nduna zimafunsa kuti, "Kodi munalipo tsiku limene malirewo ankadulidwa, kapena munachita kumva? Ngati munamva, anakuuzani ndani, ndipo iyeyo ndi mbale wa yani?" Nduna zoterezi zikusiyanitsa chimene munthu anaona ndi maso ndi chimene anangotola m'kamwa mwa ena, ndipo zikuyeza ngati mboniyo ili ndi chifukwa chokhotetsera nkhani. Filosofi imatenga mafunso omwewa n'kuwafunsa pa china chilichonse: pa sayansi, pa mbiri yakale, pa chipembedzo, ngakhale pa zimene munthu akumva m'thupi mwake.

Kodi kudziwa n'kosiyana bwanji ndi kukhulupirira?

Yankho lakale, limene mizu yake ili m'zolemba za Plato wa ku Athens, limati pafunika zinthu zitatu: mukhulupirire chinthucho, chinthucho chikhale choona, ndipo mukhale ndi chifukwa chomveka chochikhulupirira. Plato mwiniwakeyo sanakhutire nalo kwenikweni yankholi, koma anthu anayenda nalo kwa zaka zambiri. Mu 1963 Edmund Gettier, mphunzitsi wa filosofi wa ku America, analemba nkhani ya masamba atatu okha yosonyeza kuti zitatuzi zikhoza kukwanira munthu osadziwabe kanthu.

Chitsanzo chosavuta ndi cha wotchi yakufa, chimene Bertrand Russell anachitchulapo kale mu 1948. Tiyerekeze kuti mwalowa m'sitolo pafupi ndi msika wa Zomba, mwayang'ana wotchi ya pakhoma, ndipo ikuloza 9 koloko. Mwakhulupirira, ndipo chifukwa chake n'chomveka popeza wotchiyo mwakhala mukuidalira masiku onse. Nthawi ilidi 9 koloko. Koma wotchiyo inaima dzulo usiku pa 9 koloko, batire litatha. Kodi mukudziwa nthawi? Anthu ambiri amati ayi, mwangochita mwayi, pakuti mukanalowa mphindi makumi awiri pambuyo pake mukananamizidwa. Phunziro lake ndi loti njira imene munthu wafikira pa choonadi ndi yofunika mofanana ndi choonadicho, ndipo n'chifukwa chake funso loti munthu anaima pati pamene ankaona silingapewedwe.

Ndamva mawu oti privileged perspective. Akutanthauza anthu olemera kapena chiyani?

Apa ndi pamene oyamba ambiri amasokonezeka, chifukwa mawuwa amagwira ntchito ziwiri zimene nthawi zina zimatsutsana. M'nkhani za ndale ndi za chitukuko, amanena za anthu amene anabadwira pabwino kapena ali ndi udindo, amene mawu awo amamveka msanga. M'filosofi ya kudziwa amanena za munthu amene waima pamalo pomuthandiza kuona chinthu china bwino kuposa anzake, kaya ndi wolemera kapena wosauka.

Amene anakwerapo phiri la Zomba n'kukaima pa Emperor's View, malo amene anatchedwa choncho pokumbukira ulendo wa Haile Selassie wa ku Ethiopia, amadziwa kuti kukacha bwino munthu amaona chigwa chonse mpaka nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Msodzi wa pa Kachulu sangaone zonsezo nthawi imodzi. Komabe amene ali pamwambayo sangadziwe ngati matemba akupezeka, ngati madzi atsika poyerekeza ndi chaka chatha, kapena ngati mphepo ya lero ikulola bwato kuwoloka kupita ku Chisi. Onse awiri ali pamalo oonera bwino, koma aliyense pa chinthu chake. Choncho mukamva kuti wakutiwakuti ndiye ali pamalo oonera bwino, funso loyamba likhale lakuti: kuona chiyani?

Kodi si zoona kuti munthu aliyense amadziwa za mumtima mwake kuposa wina aliyense?

Pa zina ndi zoona ndithu. Makolo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo palibe dokotala amene angauze wodwala kuti sakumva kupweteka pamene iye akumva. René Descartes, polemba mu 1641, anayesa kukayika chilichonse, maso ake, thupi lake ngakhale masamu, ndipo chimene chinatsala osagwedezeka chinali chakuti iye amene akukayikayo alipo ndipo akuganiza. Mu 1974 Thomas Nagel anafunsa za mleme, nyama imene imazindikira njira mumdima pomvetsera kubwerera kwa mawu ake: tikhoza kuyeza ubongo wake mmene tingathere, koma mmene zimamvekera kukhala mleme sitingazione tili kunja.

Vuto limayamba pamene munthu achoka pa zimene akumva n'kuyamba kufotokoza chimene chazichititsa. Mu 1977 akatswiri a za maganizo, Richard Nisbett ndi Timothy Wilson, anafotokoza za kafukufuku amene anaika masokosi aakazi ofanana ndendende pamalo anayi ondondozana, n'kupempha anthu ogula kuti asankhe abwino koposa. Ambiri anasankha amene anali kumapeto kudzanja lamanja, ndipo atafunsidwa chifukwa chake anatchula kalukidwe kapena kufewa kwa nsalu. Atauzidwa kuti mwina ndi malo amene masokosiwo anaikidwa, anakana. Anthuwa sankanama, koma sankadziwa chimene chinawatsogolera. N'chimodzimodzi wodwala kuchipatala: kuti mutu ukuwawa ndi iye yekha akudziwa, koma kuti ndi malungo kapena ayi chimanena ndi choyezera magazi.

Nanga ganizo loti anthu oponderezedwa amaona bwino kuposa owapondereza linachokera kuti?

Ganizoli, limene akatswiri amalitcha standpoint theory, lili ndi mbiri yaitali. Hegel mu 1807 analemba za mbuye ndi kapolo, n'kuonetsa kuti kapolo, chifukwa ndi amene amagwira zinthu ndi manja ake, amafika pomvetsa zimene mbuye wongodyerera sangamvetse. Karl Marx ndi omutsatira anagwiritsa ntchito mfundoyi pa anthu ogwira ntchito m'mafakitale. Mu 1903 W. E. B. Du Bois analemba kuti munthu wakuda wa ku America amakakamizika kudziona ndi maso awiri, akeake ndi a azungu amene akumuweruza. Kenaka m'zaka za m'ma 1980 amayi ophunzira monga Nancy Hartsock, Sandra Harding ndi Patricia Hill Collins anaikulitsa mfundoyi poyang'ana ntchito za amayi, ndipo Collins analemba makamaka za amayi akuda ogwira ntchito m'nyumba za azungu, amene anali m'kati mwa banjamo koma osakhala a m'banjamo.

Kwa ife kuno mfundoyi siyofunika kuifotokozera patali. Zomba inali likulu la boma la atsamunda, ndipo inakhalabe likulu la dziko mpaka 1975. M'nyumba zakale za m'mphepete mwa phiri munkagwira ntchito ophika, ochapa ndi osamalira maluwa. Wophika ankayenera kudziwa nkhope ya bwana wake, nthawi imene wakwiya, zimene amakonda, anthu amene amadana nawo, ngakhale Chingerezi chokwanira kumva zokambidwa patebulo, chifukwa ntchito yake inkadalira zimenezo. Bwanayo akanatha kukhala zaka khumi osadziwa mudzi wa wophikayo kapena kuchuluka kwa ana ake, ndipo palibe chimene akanataya. Apa palibe zamatsenga kapena nzeru zobadwa nazo. Wapansi amakakamizika kuphunzira maiko awiri, wapamwamba limodzi limamukwanira. Palinso china: amene zinthu zikumuyendera bwino amakhala ndi chifukwa chosafunira kuona mmene zikuyendera, pakuti kuona kukanamusowetsa mtendere. Mwini esiteti amene ankadalira thangata anali ndi chifukwa chokhulupirira kuti anthu ake ndi okhutira, pamene amene ankasiya munda wake m'dzinja kukalima wa mzungu analibe chifukwa chodzinamiza choncho.

Ndiye kuti wosauka, kapena mayi, kapena msodzi, amanena zoona nthawi zonse pa nkhani zomukhudza?

Ayi, ndipo amene anayambitsa ganizoli sananene zimenezo, ngakhale ena owatsatira amalankhula ngati anatero. Iwo anati malo amene munthu ali amamupatsa mpata woona, koma kuti mpatawo usanduke kudziwa pamafunika ntchito: kukambirana ndi ena amene ali pamalo omwewo, kuyerekeza zimene aona, ndi kufufuza chimene chikuchititsa. Munthu akhoza kuvutika moyo wake wonse n'kumaloza chala mnansi wake wosalakwa.

Nyanja ya Chilwa yaphwapo kangapo, monga mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Msodzi wachikulire amene anaona zaka zonsezi amadziwa zizindikiro za madzi, kumene nsomba zimathawira m'mitsinje ndi m'madambo, ndi mmene zimabwererera, ndipo wofufuza amene amanyoza zimenezi ndi wopusa. Koma kuchuluka kwa mvula imene inagwa m'mapiri mmene mumachokera Likangala, Domasi ndi Phalombe, msodziyo sangakuone ali m'bwato, pokhapokha wina atamuonetsa zimene zinayezedwa.

Pali vuto linanso limene Olúfẹ́mi Táíwò, wafilosofi wa ku America, analemba mu 2020. Tikati timvere oponderezedwa, nthawi zambiri timamvera amene akwanitsa kulowa m'chipinda cha msonkhano, ndipo amenewo kawirikawiri ndi amene anapita kusukulu n'kuchoka kumudzi kalekale. Ine ndakhalapo m'misonkhano imene munthu wa digiri ankalankhula m'malo mwa "amayi akumudzi" pamene mayi wakumudzi weniweni anali panja akuphikira anthu a pamsonkhanopo. Kubadwira kwa Mwambo kapena kwa Kuntumanji sikupatsa munthu chilolezo cholankhulira onse a kumeneko mpaka kalekale.

Ngati aliyense amaona ali pamalo pake, kodi choonadi chilipo, kapena aliyense ali ndi chake?

Funsoli ndi lakale ngati filosofi yomwe. Protagoras wa ku Greece ananena kuti munthu ndiye muyezo wa zinthu zonse, ndipo Plato anamutsutsa ndi mfundo imene ikugwirabe ntchito: ngati aliyense ali ndi choonadi chake, ndiye kuti amene akuti ganizo limeneli ndi labodza nayenso akunena zoona. Kuona phiri la Zomba uli ku Chinamwali n'kosiyana ndi kuliona uli ku Chingale, koma zimenezi sizikutanthauza kuti pali mapiri awiri. Kunena kuti wina akuona bwino kuposa mnzake n'kuvomereza kale kuti pali chinthu chimene chikuonedwacho.

Sandra Harding anatsindika kuti kumvetsera anthu amene kale sankafunsidwa kumalimbitsa kafukufuku, chifukwa gulu la anthu ofanana limagawana zolakwika zofanana ndipo palibe woziona. Mabuku akale a sukulu ankati David Livingstone anatulukira nyanja ya Chilwa mu 1859. Kuti anafikako chaka chimenecho ndi zoona. Koma mawu oti kutulukira ankaoneka oyenera kwa okhawo amene sanaganize zofunsa anthu amene ankawedza m'nyanjamo iye asanabadwe. Kukonza chiganizo chimenecho sikupereka choonadi chachiwiri, n'kuchotsa cholakwika m'choyambacho.

Kodi mbiri imene inalembedwa ndi atsamunda tiitaye?

Kuitaya kungakhale kudzilanda tokha. Ku National Archives kuno ku Zomba kuli makalata, malipoti ndi zolemba za milandu zimene popanda izo zambiri sitikanazidziwa. Chofunika n'kuziwerenga monga nduna imamvetserera mboni, kufunsa kuti analemba ndani, ankalembera yani, ndipo ankaopa chiyani. Kuukira kwa John Chilembwe mu January 1915 kunalembedwa kwambiri ndi boma limene ankaliukiralo, ndipo Amalawi amene anapereka umboni pambuyo pake ankalankhula anzawo atangonyongedwa kumene, moti munthu sangayembekeze kuti ankanena zonse za mumtima. N'chifukwa chake olemba mbiri amaika pambali pake kalata imene Chilembwe mwiniwake analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914 yodandaula za kutengera anthu akuda kunkhondo, komanso zimene George Simeon Mwase analemba m'zaka za m'ma 1930 atamva kwa mmodzi wa otsatira Chilembwe ali m'ndende, zimene zinasindikizidwa mu 1967. Mwase nayenso anachita kumva, ndipo ayenera kufunsidwa mafunso omwewo.

Nanga mwambo wathu woti akuluakulu ndiwo amadziwa, filosofi imati chiyani?

Didier Kaphagawani, wafilosofi wa ku Malawi amene anaphunzitsa ku Chancellor College, analemba za mmene Achewa amaganizira za kudziwa, ndipo anayang'ana kwambiri miyambi. Mwambi woti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto umapereka ulemu kwa amene aona zambiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka: amene anapulumuka njala ya 1949 anaona zimene wobadwa dzulo sanaone. Koma makolo omwewo anatinso mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, kuvomereza kuti wobwera amaona zimene eni mudzi anazizolowera mpaka kusiya kuziona. Anatinso tsabola wakale sawawa. Miyambi imeneyi ikaikidwa pamodzi ikusonyeza kuti makolo ankatsutsana okhaokha pa funso lomweli, ndipo amene amagwira mwambi umodzi kuti atseke pakamwa achinyamata akuwerenga theka la nkhani.

Afilosofi a mu Africa anakangana kwambiri pa zimenezi. Paulin Hountondji wa ku Benin anatsutsa chizolowezi chosonkhanitsa miyambi ndi zikhulupiriro n'kuzitcha filosofi ya mtundu wonse, ngati kuti anthu onse a mtunduwo amaganiza chimodzi. Henry Odera Oruka wa ku Kenya anayenda m'midzi kufunsa nkhalamba zanzeru, ndipo anapeza kuti zina mwa izo zinkatsutsa miyambo yawo yomwe ndi mfundo zomveka. Kwasi Wiredu wa ku Ghana analangiza kuti mfundo iliyonse yochokera ku Ulaya tiziiyesa poinena m'zilankhulo zathu kuti tione ngati ikuimabe.

Palinso kudziwa kumene kumaperekedwa kwa olowa okha, monga za kudambwe kapena za kusimba. Wolowayo amadziwadi zimene wakunja sadziwa. Koma pamene nkhani yatuluka n'kukhudza anthu onse, monga thanzi la ana, wolowayo sangayembekeze kuti ena avomere pongomva kuti "inu simunalowe".

Kodi pali dzina la zimene zimachitika pamene munthu sakhulupiriridwa chifukwa cha mmene alili?

Miranda Fricker wa ku Britain anazitcha epistemic injustice mu 2007, kutanthauza kulakwira munthu pa udindo wake monga wodziwa. Anasiyanitsa mitundu iwiri. Woyamba ndi pamene womvera achepetsa mawu a munthu chifukwa cha tsankho. Kuno chitsanzo chake chimaoneka pamsonkhano uliwonse: mfundo ikanenedwa m'Chichewa kapena m'Chiyao anthu amangogwedeza mutu, yomweyo ikabwerezedwa m'Chingerezi ndi wovala tayi mlembi amailemba. Wachiwiri ndi pamene munthu akusowa mawu ofotokozera zimene zikumuchitikira chifukwa anthu ngati iye sanaloledwe kutenga nawo mbali popanga mawu. Fricker anapereka chitsanzo cha amayi amene ankavutitsidwa ndi mabwana awo kuntchito pofuna kugona nawo, mpaka pakati pa zaka za m'ma 1970, pamene khalidweli linalibe dzina lodziwika ndipo ambiri ankalitenga ngati nthabwala.

Munthu akandiuza kuti "inu simungamvetse chifukwa sizinakuchitikireni", ndimuyankhe bwanji?

Choyamba musafulumire kukwiya, chifukwa mwina akunena zoona. Ngati nkhani ili pa mmene zimamvekera kutaya nyumba ndi madzi osefukira, monga zinachitikira anthu ambiri a m'chigawo cha kumwera pa namondwe wa Freddy mu March 2023, amene sizinamuchitikire ayenera kumvetsera kwambiri kuposa kulankhula. Koma mvetserani bwino chimene akufuna kuti muvomere. Ngati wachoka pa zimene anamva n'kufika pa chimene chinachititsa, kapena pa chimene boma liyenera kuchita, walowa m'bwalo limene aliyense ali ndi ufulu wofunsa umboni. Mungathe kunena mwaulemu kuti, "Zimene munakumana nazo sindingakutsutseni, koma tandithandizeni kuona mmene zikufikira pa mfundo iyi." Mudzifunsenso nokha ngati kukayika kwanu kukuchokera pa kufooka kwa umboni kapena pa zimene mungataye mutavomera. Funso lachiwirili ndi lovuta kuposa loyamba, ndipo kawirikawiri amene angakuthandizeni kuliyankha ndi mnzanu amene saopa kukuuzani zoona.

Ndikufuna kupitiriza. Ndiyambire pati?

Yambani ndi zazifupi. Nkhani ya Gettier ija mukhoza kuimaliza musanamalize kumwa tiyi, ngakhale kuti kuiyankha kwatengera akatswiri zaka zoposa 60. Kenaka werengani zigawo ziwiri zoyambirira za buku la Descartes la 1641, pang'onopang'ono, cholembera chili m'manja. Mukafika pa za malo oonera, werengani Collins kapena Fricker pamodzi ndi wina wowatsutsa, osati mbali imodzi yokha. Ku University of Malawi kuno ku Zomba kumaphunzitsidwa filosofi, ndipo amene si ophunzira akhoza kupeza zolemba zakalezi pa intaneti. Pa ndime iliyonse imene mwawerenga, yesani kuifotokoza m'Chichewa kwa munthu amene sanaiwerenge, ndipo lembani pambali mawu amene akukanika kutembenuka kuti mudzawafunse kwa aphunzitsi.